Munsi Ukaleka Kulira

Amuna anga anabwerako ku Joni ali ndi miyendo yonse iwiri, manja onse awiri, ndi zala zonse khumi. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa masiku amenewo, nkhondo yaikulu itangotha kumene, mkazi wa kwathu kunyanja ankayamba wawerenga zala za mwamuna wake asanafunse za nsalu. Migodi inkatibwezera anthu opunguka. Wanga anatsika m'sitima wathunthu, atavala jekete ndi chipewa, ndipo akazi anzanga m'mudzi mwathu, kufupi ndi Chintheche, anati ndili ndi mwayi. Ndinavomera, ndinaseka, ndinapha nkhuku.

Anapita awiri, iwo ndi mlongo wanga wopondana nane. Anabwera mmodzi. Titafunsa, amuna anga anati mlamu wawoyo anasamukira ku mgodi wina, ndipo anamva mphekesera kuti wapeza mkazi kumeneko. Palibe anadabwa. Mudzi uliwonse kwathu unali ndi matchona ake, amuna amene Joni inawameza amoyo, osalemba kalata, osatumiza ngakhale sopo. Amayi anga anamutukwana mkazi wachilendoyo, amene sanamuonepo, natukwana ndi mtundu wake womwe. Kenako anayamba chizolowezi chopita kugombe tsiku lililonse lofika sitima, atamanga chinangwa chootcha m'kansalu, poti mwana wawoyo ankachikonda.

Kwathu timakula ndi chinangwa. Timachiviika m'madzi mpaka chifewe, timachiyanika, kenako timasinja kuti tipeze ufa wa kondowole. Dzuwa likangotuluka mudzi wonse umamveka gu, gu, gu, khomo ili ndi khomo ilo, ndipo munthu wobadwira komweko sazimvanso. Zili ngati kupuma kwake komwe.

Patatha masiku atatu iwo atabwera, ine ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna angawo, tinkasinja mtondo umodzi mopokezana. Iwo anakhala pakhonde akusoka ukonde. Ndinaona kuti asiya ukonde uja, akumenya pansi ndi chikhatho, katatu, kupumira, katatunso. Ndinkati akutiseleula, mwinanso akutiimbira. Mlamu wanga ndiye anawayang'ana kumaso, ndipo zimene anaonazo zinamuimitsa munsi uli m'mwamba. Nane ndinaima. Pabwalo panangoti zii. Nthawi yomweyo amuna anga anagwada pansi nayamba kukumba patsinde pa khoma ndi manja okha, akukuwa m'chinenero cha kumigodi chimene palibe ankachimva. Zikhadabo zinang'ambika, dothi linasakanikirana ndi magazi. Anawagwira amuna atatu. Zitawatha anakhala pansi thukuta lili kamukamu, osatha kuyang'ana munthu m'maso.

Tonse tinagwirizana chimodzi: akudana ndi kulira kwa munsi. Nanga tikanaganizanso chiyani? Ndiye akazi a m'mudzi, mwa chifundo chawo, ankati akangowaona akubwera m'njira, ankasiya kusinja nthawi yomweyo. Ndipo nthawi iliyonse iwo ankagwa pomwepo n'kuyamba kukumba. Ife n'kumati, mwaona, amva munsi ali patali. Tinanyamula mitondo yonse ya pafupi ndi nyumba yathu n'kukaiika kuseri kwa kachulu, kumene mphepo inkabweretsa phokoso lake modukizadukiza. Ha, uchitsiru wathuwo! Ndikaukumbukira mpaka lero ndimafuna kudzimenya mbama. Tinkathira mchere pachilonda tikuyesa mankhwala.

Zinthu zinaipiraipira. Kunyanja anasiya kupita, chifukwa asodzi amagogoda m'mbali mwa bwato pothamangitsira nsomba mu ukonde, ndipo tsiku lina atasiya kugogodako iwo anafuna kudziponya m'madzi. Kutchalitchi belu lathu linali chidutswa cha njanji chopachika pamtengo. Likamalira ankakhala bwinobwino, likangoleka ankathothoka pabenchi anthu onse akuona. Chitseko cha nyumba sankalola kuti chitsekedwe. Chakudya ankangochigwiragwira. Nthawi zina ndinkawapeza atatsamira khoma, khutu ataligunditsa kudothi, maso ali tong'o, ndipo ndikawaitana ankadzidzimuka ngati ndawathira madzi ozizira. Munthu amene kale ankaseka mpaka agalu kuuwa anasanduka mlendo m'nyumba mwake. Ndinkawaopa, ndinene zoona, ndipo ndinkachita manyazi kuti ndikuopa mwamuna wanga.

Aliyense anali ndi nzeru zake. Akuluampingo anabwera kudzanunkhiza ngati m'nyumba muli kachasu, napemphera, napita. Apongozi anga anayamba kulankhula mozungulira kuti mwamuna akavulala kuulendo, mufunse zimene mkazi ankachita kumudzi. Ine! Ine amene ndinakhala zaka zitatu ndikugona ndi mphasa yokha! Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo sitinapatsane moni mwezi wathunthu. Ena anatitengera mobisa kwa munthu wa vimbuza kumapiri, ampingo asadziwe. Ng'oma zili kulira amuna anga anakhala phee, nkhope itamasuka koyamba chibwerere chawo. Ng'oma zitangoleka anagwa n'kukumba. Wavimbuzayo anati mzimuwo ndi waukali kwambiri. Tonse tinali pomwepo, maso tili nawo, makutu tili nawo, koma palibe anazindikira.

Amene anadula nkhani ndi amalume awo. Tsiku lina amuna anga pokumba anakankha mwana wa mnansi, mwanayo n'kugwera pamwala. Sanavulale kwenikweni, koma zinakwanira. Amalumewo anawamangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha ukonde, nalengeza kuti sitima ikadzabweranso adzawakweza kupita nawo ku nyumba ya amisala, kutali kum'mwera. Tinkaidziwa nyumba imeneyo ndi mbiri yokha, ndipo m'mudzi mwathu munalibe amene anaonapo munthu akubwerako. Panatsala milungu iwiri. Ndinadula chingwe chija ndi mpeni wosendera chinangwa amalumewo akuona, koma ndinkadziwa kuti mawu awo sindingawadule.

Zala za amuna anga zinali zitatukusira, zikutuluka mafinya, choncho ndinawatengera ku kachipatala ka pa boma. Kumeneko kunali bambo wina wamfupi wochokera cha ku Ntcheu, wotsuka zilonda ndi kupereka mankhwala, koma ife tinkangowatcha adokotala. Pankhondo anali wonyamula asilikali ovulala. Chitonga chawo chinali choseketsa, ana ankawatsanzira. Anakhazika amuna anga pampando nayamba kutsuka zalazo m'beseni. Kunja mmisiri wina ankakhoma denga, kho, kho, kho, ndipo amuna anga ankayankha ndi chidendene pansi. Ine ndinayamba kupempherera mumtima kuti mmisiriyo asiye. Anasiyadi. Amuna anga anauma thupi lonse, maso n'kupita kukhoma, ndipo ndinadziwa kuti zayamba.

Adokotala aja sanawagwire. Anatenga sipuni n'kugogoda pa beseni, katatu. Amuna anga anayankha ndi chidendene, katatu. Anagogodanso, iwo n'kuyankhanso. Kupuma kwawo kunayamba kutsika. Adokotalawo anapitiriza choncho kwa kanthawi, kenako anafunsa m'Chichewa, motsitsa mawu:

"Bambo, akugogodayo ndani?"

Chaka chonse tinkawafunsa kuti mwatani, chakulowani n'chiyani, wakulodzani ndani. Palibe anafunsapo funso limenelo.

Anayankha m'Chichewa, chimene anachiphunzira ku komboni ya kumigodi. M'Chitonga, anadzandiuza pambuyo pake, mawuwo ankakanirira pakhosi. M'chinenero cha eni ake ankatuluka ngati akunena za munthu wina. Komanso ankayesa kuti ine sindikutsatira. Ankadziwa kuti ndili mwana ndinakhala zaka zitatu kwa azakhali anga ku Nkhotakota. Koma m'banja mwathu Chichewa sitinkachilankhula, ndiye ankati ndinachiiwala kalekale. Ndinamva liwu lililonse, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndikuilemba m'Chichewa. M'chinenero cha amayi anga nanenso imandikanika.

Anati tsiku lina ali pansi, denga la mgodi linagwa pakati pa iwo ndi mlamu wawo. Iwo anatsala mbali ya kunja, mlamuyo mbali ya mkati. Pansi pa miyalayo panadutsa paipi ya madzi. Fumbi litakhazikika anamva paipiyo ikulira, katatu. Anatola mwala n'kuyankha, katatu. Masiku awiri anthu anakumba, iwo akukumba ndi dzanja limodzi, linalo likuyankha paipi. Koma denga linkagwabe, mwala wina n'kuthyola msana wa mmodzi wa okumbawo, ndipo kapitawo analamula kuti onse atuluke. Iwo anakana. Anawakoka. Pofika pa chikepe chotulutsira anthu mumgodi anali akumvabe kugogodako kumbuyo kwawo, katatu, kupumira, katatu, kudikira yankho.

"Ndinasiya ndine," anatero. "Iye anali akugogodabe. Mawa lake ndinabwerera, ndinaika khutu pa paipi, kuli zii. Ndiye chinthu chikamagogoda ndimadziwa kuti ali moyo. Chikaleka ndiye kuti wafa. Amafa tsiku lililonse, adokotala, nthawi zina kanayi."

Kalata ya maliro sinafike kwathu chifukwa mlongo wangayo analowa ntchito ndi chitupa cha munthu wina, monga ankachitira ambiri. Anafa ndi dzina la eni ake. Amuna anga atatsika m'sitima n'kuona amayi akusuzumira kumbuyo kwawo kufuna mwana wawo, pakamwa panatuluka bodza la mkazi wa ku Joni, ndipo litatuluka sanathenso kulibweza.

Ndinalankhula m'Chichewa, kuti adziwe kuti ndamva. Ndinafunsa kuti, "Mlamu wanu uti?" Chonsecho anali naye mmodzi yekha.

Sindidzaiwala mmene ananditembenukira. Koma chisoni sindinawamvere, ayi. Ndinadana nawo. Ndinaganiza za amayi atayima pagombe ndi chinangwa chawo chootcha chaka chathunthu, akutukwana mkazi amene kulibe, pamene mwana wawo ali pansi pa miyala m'dziko la eni. Ndinaganiza za nkhuku ndinapha ija. Ndinatuluka panja, ndipo mumtima ndinati sitimayo ibwere msanga, awakweze, akakumbe kumeneko mpaka zala zithe.

Adokotala aja ananditsatira pansi pa mtengo. Sanandiuze kuti ndikhululuke, akanatero ndikanawalavulira. Anandisiya ndilire kaye. Kenako anati zimene ndinkaonazo si misala, si mizimu, si ufiti. Anati anaziona kwa asilikali ambiri, ena olimba mtima kuposa anzawo onse: munthu amaona chinthu choopsa kopitirira, thupi n'kubwerako koma mtima n'kutsalira pamalo pomwepo, ndipo kachinthu kakang'ono, phokoso kaya fungo, kamamubwezera komweko ngati zikuchitika lero. Anati ndi bala, kungoti silioneka, ndipo m'kabati mwawo munalibe botolo lake. Chimene anaona chikuthandiza ndi ichi: munthuyo ainene nkhaniyo kwa womumvera, osati kamodzi, koma mobwerezabwereza mpaka isanduke ya kale. Chimene amachiopacho asamachithawe, azikumana nacho pang'onopang'ono ali ndi munthu womukhulupirira pambali. Anati mitondo ibwerere pakhomo. Anatinso wakufayo alilidwe, chifukwa maliro osalira amalira okha. Pomaliza anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinawayankha kuti nkhonoyo sinandiphere mlongo.

Tinabwerera kumudzi iwo patsogolo, ine kumbuyo. Masiku anayi sindinawaphikire. Tsiku lachisanu linali loti amayi ayambe kukonzekera za kugombe, ndipo ndinawapeza akusankha chinangwa choti adzaotche. Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinawauza zonse nditakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

Amayi sanakuwe. Chinangwa chili m'manja, anati ndikaitane mkamwini wawo. Anabwera akukwawa ndi maondo kuchokera pa mpanda. Amayi anawauza kuti anene okha, m'Chitonga, kuyambira pachiyambi. Zinatenga theka la tsiku, akuima, akusanza, akuyambiranso. Atamaliza amayi anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti paipi ija anaiyankha masiku angati. Iwo anati awiri.

"Ndiye masiku awiriwo mwana wanga sanali yekha," anatero amayi.

Tinalira maliro opanda mtembo. Anthu anabwera kuchokera ku Kande ndi kumapiri komwe, tinaimba nyimbo za mpingo, ndipo amuna anga analira kuposa ife tonse, kulira kwa munthu, osati kukuwa kuja. Amalume awo atakumbutsa kuti sitima ili pafupi, amayi ndi amene anawayankha, ngakhale sinali mbumba yawo. Anati nyanja ija inawatengera kale mwana mmodzi, wachiwiri sakwera. Amalumewo anang'ung'udza, nati adikira sitima imodzi yokha, aone.

Mtondo ndinaubweza ndekha, ndikuugubuduza kuchokera kuseri kwa chulu. Mkwiyo unali usanathe, musandiyese mngelo. Masiku oyambawo ndinkasinja ngati ndikusinja mutu wa amuna anga. Ndinawakhazika pakhonde pomwe paja. Ndinawauza kuti wosinja ndine, ndili moyo, ndipo ndikafuna kusiya ndidzanena. Ndinasinja, iwo akuyankha ndi chikhatho. Ufa utasalala ndinachepetsa, gu, kenako gu, kenako ndinati, "Ada, ndamala," ndiko kuti, bambo, ndamaliza. Ndinaika munsi pansi. Anagwa ndithu, nakumba. Mawa lake anagwanso. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anagwada koma sanakumbe, anangogwira dothi akupuma ngati wathamanga. Ine ndinkayankhulabe, zilizonse, za nkhuku, za mvula, kuti zii uja asawapeze okha.

Loweruka lililonse ankapita kwa adokotala aja kukainenanso nkhaniyo, ulendo wa maola awiri, ndipo ankabwerako atatopa ngati alima munda wonse. Masabata ena zinkabwerera m'mbuyo, ine n'kutaya mtima. Sitima inabwera, inapita. Amalume anati adikira inanso. Inabweranso, inapitanso, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Akazi anzanga anabweza mitondo yawo mmodzimmodzi, ndipo aliyense akamaliza ankakweza mawu kuti ndamala, kaya amuna anga ali pafupi kaya palibe. Wogogoda belu kutchalitchi nayenso anayamba kumaliza mochepetsa. Mpaka lero m'mudzi mwathu mkazi saika munsi pansi osanena mawu amenewo. Atsikana a masiku ano amayesa ndi mwambo wa makolo.

Sindinganene kuti anachira n'kukhala monga kale. Chitseko chathu sichinatsekedwepo mpaka imfa yawo, ndipo mwezi umene ngoziyo inachitika ankakhala osayankhulayankhula chaka chilichonse. Koma anabwerera kunyanja, anaseka, tinabereka ana ena atatu, ndipo amayi anga atakalamba ndi iwo ankawapalasira bwato kupita nawo kuchipatala. Mdzukulu wanga wina ndi namwino tsopano. Nditamufotokozera anati matendawa ali ndi dzina, ndipo kuli anthu ophunzira ntchito yokhayo yomvetsera ndi kuyenda ndi wodwala pang'onopang'ono mpaka mantha atachepa, ena n'kupatsidwanso mankhwala. Ndinati zikomo, bola. Ife tinali ndi sipuni, beseni ndi mtondo, ndipo tinataya chaka chathunthu chifukwa chosafunsa.

Mgodi sunawaiwale. Patatha zaka khumi ndi chimodzi chifuwa cha fumbi la kumeneko chinawagwira, monga chinagwirira amuna ambiri a kwathu. Anawonda mpaka ndinkawanyamula ndekha kuwatulutsa padzuwa. Sabata yomaliza mawu anatha, kunangotsala kupuma kokhala ngati macheka.

Tsiku lomalizalo kunacha bwino, anthu ali kusinja m'makomo. Ndinali nditakhala pambali pa bedi lawo lamatabwa pamene ndinamva go, go, go. Chinali chala chawo, chimodzi mwa zija zopanda zikhadabo, chikugogoda thabwa. Maso anali otseka. Ndinayankha ndi chala changa, katatu. Anapumira, nagogodanso. Ndinayankhanso. Tinapitiriza choncho dzuwa mpaka kufika pamutu. Ana anandibweretsera madzi, ndinamwa ndi dzanja lamanzere. Mwana wanga wamkulu anati ndipume, andilandire, ndinamukalipira. Chala chinatupa, ndinasintha china. Kugogoda kwawo kunayamba kutalikirana, kenako kunasanduka kukanda chabe, koma ndinkakumva, ndipo ndinkayankha.

Kenako ndinagogoda, ndinadikira, kuli zii. Ndinagogodanso. Ndinagogodanso kachitatu, ndi kachinayi, mpaka mlamu wanga, yemwe uja anaimitsa munsi m'mwamba tsiku loyamba, anabwera n'kundigwira dzanja. Anandiuza m'khutu kuti apita kale, ndisiye. Ndinati ndamva, koma ndinagogodabe kamodzi kena, kuti kumene akupitako akamuuze mlongo wanga kuti ulendo uno sitinayambe ndife kusiya.